Mawu Asanu a Koby Stanaway

Lachinayi, 13 Juni

Dokotala wa ku Sydney anati ndizilemba tsiku lililonse, ati zimathandiza mutu. Kaya. Tsamba loyamba la kope lino analemba ndi Glenys, mkazi wanga: dzina lake, nambala ya nyumba yathu, mayina a ana ndi zidzukulu, tsiku lotulutsa zinyalala. Ndinakalipa tsiku limenelo, ndinati kodi mwandiyesa khanda? Koma m'mawa uliwonse ndimalitsegula iye asanadzuke.

Lero kukalabu. Koby Stanaway alowa timu yaikulu ya mpira wa ragibi koyamba Loweruka, zaka 19. Kuno ku Berrinda jezi yoyamba munthu saitola pamsomali. Amakupatsa m'manja ndi wakale amene anavalapo nambala yomweyo, anzako ndi makolo akuona. 13 ndinaivala ine zaka khumi ndi chimodzi, ndiye Brophy, kochi wathu, anati madala, ntchito ndi yanu. Ndinalemba dzina la mwanayo pachikhatho kuopa manyazi. Mwana amene ndinamuphunzitsa ndekha kugwetsa munthu ali ndi zaka naini! Mwamwayi sindinasuzumirepo. Mayi ake, Leanne, uja amagulitsa mapayi pawindo la kantini, analira mpaka anyamata kuyamba kumugemula Koby.

A Pettit aimba foni. Amasakira anyamata timu ina ya ku Sydney, ndipo m'chigwa muno akhala akudalira maso anga zaka makumi awiri. Akufuna lipoti la Koby pofika Lachisanu la sabata yamawa. Akakhutira amutenga akamuyese kwawoko. Apo ayi, mgodi wa malasha ukumudikira monga unawadikirira bambo ake.

Loweruka, 15 Juni

Mphepo yolasa m'mafupa, bwalo matope okhaokha. Ndinakhala pamalo panga, mzere wachitatu, khadi yolembapo za osewera ndi pensulo m'manja.

Ndilembe za mpira kaye ndisanaiwale. Mwanayu ali nazo, asandinamize munthu. Watenga mpira ka 14, nthawi zonse kulunjika, palibe zothawira m'mbali. Wagwetsa anthu ka 31, am'pulumuka awiri okha. Akam'gwetsa iye amadzuka asanam'siye n'komwe, mpira wapita kale, adani akadali kubwerera. Ndipo ali ndi pakamwa. Ndinamumva akukalipira munthu wa zaka 30 kuti sunthira kuno iwe, ndipo munthuyo anasunthadi.

Vuto ndi lomwe lija. Mutu umayenera kupita kumbuyo kwa chiuno cha amene ukum'gwetsa, iye akatopa amauponya kutsogolo kwa bondo. Ndam'nena, ndatopa.

Mphindi ya 52. Chimunthu cha adani athu, anyamata a kugombe, makilo 120 kapena kuposa, chikubwera ndi mpira. Koby uyo, mutu kutsogolo. Khu! Tinamva tonse mpaka kukantini. Anagona chafufumimba osagwedezeka, kaya masekondi angati. Anthu anayamba: "Dzuka, mwana wa Stanaway! Ku Berrinda sitigona pansi!" Nanenso ndinakuwa, ndisabise. Anadzuka miyendo ikuwayawaya ngati mwana wa ng'ombe wobadwa kumene, bwalo lonse m'manja.

Dokotala Sethi wa pakalabu anam'tulutsa kukamuyesa mutu. Patapita mphindi 15 uyo akubwerera, ati wakhoza mayeso. Kumapeto ndi iye anagoletsa, tawina 18 kwa 16.

M'chipinda chovalira anam'thira mowa kumutu, nyimbo yachipambano ili mkati, kumenya malata. Koby anandikoka dzanja. "Madala, tawina?" Ndinaseka, ndinati iwe usandiseweretse. Pakhomo anandifunsanso. Koimika magalimoto, mayi ake atapita kukatseka kantini, anandifunsa kachitatu, ndipo nkhope yake sinali ya munthu wochita nthabwala.

Lamulungu, 16 Juni

Makiyi a galimoto apezeka mufiriji, pambali pa batala. Glenys anangowaika patebulo. Bola akanandikalipira.

Ndayamba lipoti. Mzere woyamba: mnyamatayu malo ake ndi ku Sydney, musazengereze. Wachiwiri wandikanika.

Lolemba, 17 Juni

Taonera kanema wa masewero ndi Brophy. Pa mphindi ya 52 ndinati bwezera. Anabwezera kamodzi, kachiwiri anakana. "Madala, dokotala wamuvomereza. Zotsatira zafanana ndendende ndi za mu Febuluwale. Mukufunanso chiyani?"

Atangoti Febuluwale, ndinakumbukira zimene ndinachita.

Chaka chikamayamba dokotala amayesa mnyamata aliyense mutu uli bwinobwino. Amakuuza mawu asanu, amakuchezetsa zina, kenako amati bwereza mawu aja. Miyezi kuitchula chobwerera m'mbuyo, kuima ndi mwendo umodzi. Zotsatira amasunga. Tsiku limene wagundidwa amakuyesanso n'kuyerekeza. Ukatsika, watuluka, ndipo sabata yotsatira susewera.

Mu Febuluwale anyamata anali pamzere pakhomo la dokotala, ine ndikudutsa ndi kapu ya tiyi. Ndinawauza kuti ana inu musakaonetse nzeru zonse mmenemo. Mukakumbukira asanu lero, tsiku logundidwa adzafunanso asanu. Kumbukirani awiri, mudzandithokoza. Anaseka onse. Sindinayambitse ine, aliyense kuno amadziwa, ngakhale Brophy. Koma amene ananena mokweza pamaso pa ana ndi ine.

Ndinapempha kuona pepala la Koby. Febuluwale: awiri. Loweruka: awiri. Koby ameneyu amaloweza nambala ya galimoto iliyonse ya pakalabu, sukulu anamaliza ali pamwamba. Awiri a Febuluwale anali abodza. A Loweruka ndiye anali enieni.

Amati mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Anga agonera miyezi inayi, anunkha. Ndipo taonani nkhanza za mutu wangawu: dzina la mdzukulu wanga wamng'ono ndimachita kuonera patsamba, koma za pamzere paja ndikukumbukira mpaka mtundu wa kapu.

Lachiwiri, 18 Juni

Kunja mitambo bii, dzuwa silinaoneke tsiku lonse. Koby watsika m'galimoto atavala magalasi akuda. Anzake anam'landira: "Eee, bwana a ku Sydney afika! Tisainireni jezi, bwana!" Iye kumangoseka. Pokonzekera wagwetsa mpira katatu, mipira yoti ndi mwana yemwe awakha.

Ndinamuitanira kuseri kwa shedi. Ndinati mutu uli bwanji?

"Uli pakhosi, madala."

Ndinati usandiyankhe zachibwana, Loweruka unandifunsa katatu ngati tawina. Anayang'ana pansi, kenako anandiyang'ana ine.

"Ndakhoza mayeso. Si mmene munatiuzira?" Anatsitsa mawu. "A Pettit andiimbira. Loweruka likubwerali abwera okha kudzandiona. Chonde madala, musandiwonongere. Masewero amodzi okha, kenako ndipuma."

Masewero amodzi okha. Ine ndinanena mawu amenewo kangati? Mu 1984 ndinamaliza fainolo imene mpaka lero ndimaidziwira pa zithunzi.

Pochoka Leanne anandiitana pawindo, anandipatsa payi yotentha, ndalama anakana. "A Merv, mumulembere bwino mwana wanga. Sindikufuna alowe pansi paja." Ndinaidyera m'galimoto.

Lachitatu, 19 Juni

Ndinapita kukagula mkaka, ndinapezeka ndaima pamphambano ya kumgodi osadziwa kuti kwathu n'kuti. Msewu umene ndauyenda zaka 60. Ndinatsegula tsamba loyamba.

Madzulo ndinamuuza Glenys zonse, za mawu asanu, za pamzere. Ndinati ndikaulula, mwanayo Sydney yam'pita, ndipo tauni yonse indilavulira. Anapitiriza kusenda mbatata kanthawi, kenako anaika mpeni pansi.

"Ine ndinakwatiwa ndi mwamuna wodzuka msanga akagundidwa. Bwalo lonse linkamuwombera m'manja. Ali kuti anthu amenewo? Amene ndikutola makiyi mufiriji ndili ndekha."

Zaka zonsezi sanandiyankhulepo chonchi. Ndinakwiya, ndinatuluka kukaima pakhonde. Ndinakwiya chifukwa sananame.

Lachinayi, 20 Juni

Ndapita kwa Dokotala Sethi m'mawa. Ndinanena zonse, ndi dzina langa lomwe. Anavula magalasi n'kundiyang'ana nthawi yaitali. "Bambo Tuohy, inuyo? Mwa anthu onse?" Anamuitanitsa Koby kuntchito, anamuyesa mwa njira ina. Loweruka sasewera. Sabata yamawa akaonane ndi katswiri wa mutu mumzinda, ndipo anyamata onse abwereza mayeso a Febuluwale.

Brophy pafoni: "Madala, mwatipha. Mukanabwera kwa ine kaye." Ndinati ndinabwera Lolemba, unakana kubwezera kanema. Anadula.

Lipoti ndatumiza, tsiku limodzi lisanakwane. Ndalemba kuti pa anyamata onse amene ndawaona m'chigwa muno zaka khumi zapitazi, wa nambala 13 woposa uyu palibe. Miyendo, mapapo, mtima, maso oona mpata, zonse zilipo. Ndalemba za mutu wopita kutsogolo kwa bondo, kuti zimakonzeka, miyezi itatu ndi mphunzitsi wabwino. Ndalemba za mphindi ya 52. Ndalembanso kuti mayeso anawanamiza chifukwa nkhalamba ina yopusa inamuuza kutero, ndipo nkhalambayo ndi ine.

Lachisanu, 21 Juni

A Pettit aimba. Mawu aulemu kwambiri, ndipo ndimawadziwa, akayamba ulemu ndiye kuti zavuta. Ati zikomo chifukwa cha chilungamo, a Merv. Ati mawa sabweranso, kuli mnyamata wina kumpoto akufuna akamuone. Za Koby tidzaona chaka chamawa. Chaka chamawa! Ndakhala nawo zaka makumi awiri, sindinaonepo chaka chamawa chawo chikufika.

Ndinadutsa kukalabu kukasiya khadi. Leanne anandiona ndikubwera, anatsitsa chitseko cha pawindo. Pa bala anzanga akale aliyense maso m'tambula. Wina kumbuyo anati, "Anamupatsa jezi Lachinayi, Lachinayi linalo n'kum'vula." Sindinacheuke. Mawuwo ndinawadziwa, koma dzina la mwini wake linandithawa, ndiye ndikanamutukwana bwanji?

Mtima ukundiwawa. Mwina ndamupulumutsa, mwina ndangom'tumiza kumgodi. Palibe adzandiuze.

Loweruka, 22 Juni

Sindinapite kubwalo. Koyamba chiyambire, osawerengera chaka cha opaleshoni ya bondo. Mitambo yachoka, dzuwa lili phwee, ndipo mphepo imabweretsa phokoso la anthu mpaka pakhomo pano.

Cha m'ma 3 koloko kugogoda, kwamphamvu. Glenys anatsegula. Mnyamata wamtali, magalasi akuda, jezi m'manja. Analowa mpaka pabalaza n'kuiponya patebulo, 13 ili pamwamba.

"Tengani. Si munaifuna? Munatiphunzitsa ndinu, lero mwasanduka woyera. Inu munasewera zaka khumi ndi chimodzi, ine mwandipatsa mphindi 65. Mayi anga sakudya. Ndinakulakwirani chiyani, madala?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndimutchule dzina. Palibe. Nkhope ndikuidziwa, ndikudziwa kuti ndimam'konda mwana ameneyu, ndikudziwa chimene ndam'chita, koma dzina mbee. Ndinayang'ana pachikhatho, poyera. Iye anaona. Anati mukufuna chiyani pamenepo?

Ndinatenga kope lino, ndinatsegula tsamba loyamba, ndinam'patsa. Glenys anati a Merv, musatero. Ndinati musiye awerenge.

Anawerenga ali chiimire. Mkazi wako ndi Glenys. Umakhala pa nambala 14. Ana ako ndi awa. Pansi penipeni pali mzere umene ndinawonjezera ndekha sabata yatha: wa jezi ndi Koby, mwana wa Leanne.

Anafunsa kuti zinayamba liti. Glenys ndi amene anayankha, anati zinayamba ine ndili ndi zaka 51. Kubwalo kunamveka chiphokoso, wina wagoletsa, kaya ndi athu kaya ndi awo. Palibe anacheukira kuwindo.

Anakhala pampando wanga, kope pamwendo. Anavula magalasi, n'kutsinzina msanga.

"Mayi, tatsekaniko makataniwo. Kuwalaku kukundilasa m'maso kuyambira Loweruka lija."

Glenys anatseka.