Mfuti ya Bambo a Natalie

Woodbridge, Virginia
14 Novembala 2024

Okondedwa achimwene a Goodwell,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ku Mponela. Kuno kuzizira kwayamba, koma tikudzuka. Zoti mwana wanga Callista wachira, mwana wamwamuna, munamva kale. Izi ndalemba chifukwa inu pa foni mumakuwa mpaka a kumsika amayankhira.

Mkamwini wathu, bambo a Natalie, mukuwadziwa: munthu wa makompyuta, samwa, samenya. Matenda awo ndi mfuti zakale za asilikali a ku Finland. Ku Finland sanapiteko, ngakhale njiwa sanaphepo. Mu Seputembala anagula imodzi yaitali, ija umachita kukoka kachitsulo ndi dzanja ngati mpiringidzo wa chitseko. Anaitsekera m'kabati yachitsulo kuchipinda chapansi. Poigwira amavala magolovesi, ati thukuta limabweretsa dzimbiri. Mkazi wawo sanamusamalepo chonchi.

Callista ndi nesi, za makolo amati n'zachikale. Koma pathupi paja panachoka chaka chatha panamusintha. Anandifunsa za malume athu aja anabwera ku nkhondo ya ku Burma maso ali psuu, osaloledwa kukhudza khanda mpaka atasambitsidwa mankhwala a chirope, ochotsa magazi a anthu amene anawapha. Ndinamuuza mmene zinalili. Tsiku lomwelo anauza mwamuna wake kuti, "Ngati mfuti imeneyo inaphapo munthu, pochoka kuchipatala ndikafikira kwa mnzanga Martha ku Alexandria. Mwana wanga salowa muno."

Iwo akuti, "Iyi sinapite ku nkhondo. Palembedwa 1968, nkhondo itatha kalekale. Zoterezi anapanga zochepa, n'chifukwa chake ndimaifuna."

"Inu mungandinamize," akutero Callista. "Amayi apite akamve okha."

Ndiye tinapita ku Upper Marlboro kwa a Lewis, mzungu wokalamba amene anayamba kutolera mfuti zimenezi mano ake akadali onse. Chizungu changa n'cha ku esiteti ya fodya, koma manambala ndimawerenga. Bambo a Natalie ankamasulira, ndipo ndiwayamike, sanabise kanthu.

A Lewis anaiyala patebulo. Anayang'ana timalemba ndi galasi, anasisita pamene mitengo iwiri inalumikizana ngati zala zolukana, n'kunena kuti ndi yeniyeni, ya 1968, mwa zosowa zija. Mkamwini wanu anamwetulira mpaka ndinaona mano amene sindinawaonepo.

Basi tikanadzuka pamenepo. Koma nkhalambayo inakondwa, ikuti, "Dikirani muone agogo ake." Inamasula masikuluwu, n'kuchotsa mtengo wonse, n'kutembenuza chitsulo chapakati pamene pamalowa chipolopolo. Kunsi kwake kunalembedwa 1897. Ati chitsulo chimenecho a ku Finland sankasula okha. Ankachotsa pa mfuti zakale za ku Russia, zina zolanda ku nkhondo, n'kuikapo mpope watsopano. Nkhondo zimene chinaona palibe angaziwerenge.

Kenaka anandipatsira kuti ndione bwino. Achimwene, inu mukudziwa mmene tinaleredwera. Wamkulu akakupatsa chinthu sukana. Ndinalandira ndi manja awiri.

Pobwerera magalimoto anathithikana pamsewu. Kenaka bambo a Natalie akuti, "Amayi, kunyumba mukanena chiyani?"

Ine ndikuti, "Zaka zonse ziwiri, 1968 ndi 1897. Kapena munanditenga kuti ndidzaone mitengo ya m'njira?"

Tinayenda pang'ono, anakhotera pomwetsera petulo, n'kutembenuza galimoto. Mfuti ija tinakaisiya kwa a Lewis, ndipo ikukhala komweko. Loweruka lililonse amasamba, kudzola pafyumu, ulendo kukaiona, ngati wamitala. Callista amawafunsa kuti, "Amayi aang'ono adzuka bwanji?" Iwo amangoseka.

Choncho mwana anafikira kwawo. Akuyamwa bwino, mphuno ndi ya bambo athu. Mlongo wake Natalie akumuimbira nyimbo zachizungu zopanda mutu.

Tsopano pempho langa. Mufunse mwakachetechete ngati alipo wotsala wodziwa mankhwala aja anasambira malume. Abusa asamve, amayi anzanga a Mvano asamve, alamu makamaka asamve. Mukawapeza muwaike m'paketi ya tiyi, mupatsire anzathu a Nkandu pobwera kuno pa Khirisimasi.

Zoti chitsulo chija ndinachigwira ndi manja, Callista sindinamuuze, ndipo bambo a Natalie sanaganizepo kanthu. Ndasamba sopo wamitundumitundu, ndapemphera. Mwina n'zopusa, ndikudziwa. Amene akusambitsa mwana ndi Martha. Ine ndimaima pakhomo n'kumalangiza, ndipo ndawauza kuti manja agwidwa nyamakazi.

Moni kwa alamu ndi ana onse. Mdzukulu wanu akuti moni. Akuti ndi wolemera ndithu, ine sindinamunyamulebe.

Ndine mlongo wanu,
Nachisale