Mfuti ya amuna anga yafika yong'aluka

Aphungu,

Amuna anga, a Atilio, amasonkhanitsa mfuti zakale monga ena amawetera nkhunda. Sasaka nyama, amangozipukuta n'kuziyang'ana. Kuyambira tili achinyamata akhala akulira mfuti ya mipope iwiri yopangidwa ku Eibar, yonga imene agogo awo anabwera nayo kuchokera ku Spain. Chaka chino akukwanitsa zaka makumi asanu ndi awiri, ndiye ndinawagulira mwakabisira kwa bambo wina wa ku Paysandú, a Zelmar. Ndi yokongola, Aphungu, pachitsulo pake anajambulapo nkhwali zikuuluka.

Itafika pa basi ndinatsegula bokosi. Thendere, mtengo wotsamiza paphewa uja, lang'aluka pakhosi pake. Nditawaimbira, a Zelmar anati, "Mayi, kuno inachoka yabwinobwino. Ibwezeni mwezi usanathe ndiilandira, koma wina akangoikhudza ndi guluu, ndi yanu."

Ndinaibisa kuseri kwa mabulangete. Mawa lake ndikuchokera kumsika ndinapeza mkuluyu ali pakhonde, tiyi wathu wa kuno wotchedwa mate wazizira pambali, mfuti ili pamiyendo ngati khanda.

Ndinati, "Imeneyo ikubwerera."

Iwo anati, "Akazi anga, inenso bondo langa ndi lowonongeka. Munandibweza kwa amayi anga?"

Ndinaseka, koma nkhawa ilipo. Mlamu wanga Heber, amene amakonza chilichonse ndi waya, wabwera kale ndi guluu wake. Akuti, "Alamu, ndinamata chishalo cha hatchi, kamtengo aka kangandikanike?" Tsono a Atilio alengeza kuti aiomba kumwamba kawiri paukwati wa mdzukulu wathu Yamila mwezi wamawa. Ndiibweze ndiwasweretu mtima, kapena tiikonze?

N. B. de O., Tacuarembó

Mayi N. B.,

Mwagula mphatso yabwino, ndipo amuna anu pakamwa ali bwino. Koma mwandifunsa funso lisanapse. Inu, a Atilio ndi ine, palibe akudziwa ngati mfutiyo yavulala mtengo wokha kapena ndi chitsulo chomwe.

Lero lomwe alamu anu muwathire tiyi wa mate, muwadulire nyama yootcha, guluu abwerere naye m'thumba. Guluu wa m'golosale amalowa mumng'alu n'kuuma, mmisiri weniweni n'kulephera kukonza bwino pambuyo pake. Mfuti yakale yomatidwa mwachisawawa osonkhanitsa saiyang'ananso kawiri, ndipo a Zelmar akuuzani kale kuti khomo lobwezera likhala litatsekeka.

Jambulani zithunzi za mng'aluwo ndi za bokosi, bokosilo musataye. Kenako pitani nayo kwa mmisiri wa mfuti wovomerezeka, mapepala a mfutiyo ali m'manja. Mukamuuze kuti ayang'ane chabe, asakonze kanthu. Aone m'kati mwa mng'alu. Mtengo ukakhala woyera, wasweka paulendo, mwina chifukwa cholongedza mosasamala. Ukakhala wakuda ndi mafuta, bala ndi lakale, ndipo a Zelmar ali ndi chofotokoza. Aonenso mipope ngati ili ndi dzimbiri lozama, yatupa penapake, kapena ikugwedera potseka.

Mipope ikakhala yolimba, mfutiyo isungeni. Thendere long'aluka pakhosi mmisiri waluso amalilumikiza bwino moti chipsera mumachita kuchifunafuna. Musasinthe lonse, pakuti mtengo wake woyambawo ndiwo ulemu wa mfutiyo. Koma asanayambe ntchito, tumizani zithunzi ndi mawu a mmisiri kwa a Zelmar, muwapemphe alipire kukonzako, ndipo akavomera alembe. Lonjezo la pafoni limauluka.

Mipope ikakhala yodyeka, ibwezeni mwezi usanathe, ngakhale mkuluyo akwiye mpaka kukana chakudya. Kwa mmisiriko mupite nawo limodzi. Amuna amamva msanga mawu oipa akachoka pakamwa pa mwamuna mnzawo wonunkha mafuta a mfuti.

Za kuomba paukwati ndiye ndakana, ikonzedwe kapena ayi. Zipolopolo za masiku ano ndi zaukali kuposa zimene mfuti ya nthawi imeneyo inapangidwira, ndipo pamalo pamene pali vinyo, ana ndi akavalo sipafunika mfuti. Akafuna kudzaiyesa, adikire mmisiri awauze zipolopolo zoyenera, akaombe kumalo ophunzirira kuomba. Patsikulo avine ndi mkwatibwi. Ndaonapo madoda ambiri a msinkhu wawo akuvina. Amaponda anzawo mapazi, koma amabwerera kunyumba ndi zala zonse.

Aphungu