TV ya ku Fakitale Yazima

Mwana wanga Yotamu,

Uli bwanji ku Kitwe? Kuno ku Kafue tilipo, miyendo yokha ndiyo ikundivuta.

TV ija anandipatsa ku fakitale nditagwira ntchito zaka makumi awiri inazima Lachitatu pakati pa nyuzi. Ba Mulenga okonza anaitsegula, nati, "Mdala, chubu chapsa, ndipo zotere sapanganso. Itayeni, zatsopano zadzaza m'mashopu."

Ndinangokumbuka tsiku lija anatichotsa ntchito.

Amai ako akufuna yatsopano. Ine ndaibweza pa kabati, ndaifunditsa kansalu kake. Usatumize ina. Undifunsire chubu chakale kwa okonza akumeneko. Chikasowa, ikhale momwemo pa kabati, sikuvutitsa munthu.

Mulungu akusunge pamodzi ndi ana.

Ndine atate wako,
Zulu