Usabwere ndi Machimbombo a Loweruka

Milange, 10 Agosto 1982

Mdzukulu wanga Gregório,

Mwamuna wanga wothawa banja, uli bwanji kumeneko ku Quelimane? Ali bwanji Zulmira, mkazi mnzanga wondilanda mwamuna uja, ndi tiana? Ndinamva kuti wamng'onoyo anadwala chikuku, ndikhulupirira anachira. Ine kuno ndilipo, Mulungu akundisungabe, kaya akundisungira chiyani. Mawondo ndiwo akana ntchito, makamaka chiperoni chikatsika m'phiri la Tumbine. Koma pakamwa pali bwinobwino. Ndipo ndi pakamwa pomwepa pamene pandipalamulira.

Kalatayi ndalemba ndekha. Zilembo zikamapita uku ndi uku usaseke, kwa masisitere ndinakhalako zaka ziwiri zokha. Sindinafune kuti wina andilembere, komanso sindinaiponye ku positi. Ndampatsa Jorge, woyendetsa lole ya tiyi uja, ndaibisa m'kathumba ka nandolo. Ngati muli anthu mu ofesi yakoyo, yamba wawatulutsa, kenaka ukhale pansi.

Kalata yako inafika, ija unkati pa 21 mwezi uno, Loweruka, machimbombo atsopano ayambanso kunyamula anthu kuchokera kwanuko kudzera ku Mocuba mpaka kuno, ndipo iwe mwini, diretori wa machimbombo onse, udzakhala pampando wakutsogolo. Mapepala ako anafikanso. Awamata pamsika, pachigayo, pakhoma la sukulu, ngakhale pamalire penipeni, ati a ku Muloza aone kuti nafenso tili ndi basi, monga amatchulira iwowo. A sekeletale a Chipani anawerenga pamsonkhano: tsiku, ola lonyamukira, ola lofikira. Anthu anakuwa Viva. Ine ndinaluluta kuposa onse, chifukwa chaka chathunthu odwala akhala akupita kuchipatala panjinga ngati matumba a chimanga.

Jorge yekha sanakuwe. Anadzandipeza potuluka, akuti amayi, mdzukulu wanu ngwanzeru koma msewu saudziwa, masiku ano galimoto siitsanzika. Akuti iye ngakhale mkazi wake samuuza tsiku lonyamuka, mkaziyo amangoona kuti bulangeti palibe pachingwe. Akuti mwezi watha malole awiri anapsa pamsewu womwewu, ndipo onse awiri anali oti anthu ankadziwa tsiku lake.

Ndinamukalipira. Ndinati Jorge, nsanje idzakupha, iwe unyamula masamba, mnzako anyamula anthu. Anangoseka, nati chabwino amayi, masamba salira.

Ndili ndekha ndinayamba kukuganiza. Iwe chibadwire sunasungepo mawu m'mimba. Uli ndi zaka khumi unkawerenga m'tchalitchi mpaka abambo mfumu ankaiwala kutembenuza tsamba. Ufulu utabwera, a Chipani anamva mawu akowo, nakupatsa jipi ndi chimkuzamawu. Unazungulira Milange yense mpaka ku Mongue, Viva chakuti, Abasha chakuti chigwe pansi, nkhuku zathu mpaka zinaleka kuikira. Ndinkanyada, sindibisa. Kenaka anakutengera ku Quelimane kuti uziwalembera akuluakulu zokalankhula pamisonkhano. Tisanazolowere zimenezo, tinangomva kuti akupatsa machimbombo, iwe wosadziwa ngakhale kumata chubu cha njinga. Ndiye wachita chimene umadziwa. Akupatsa galimoto, iwe wailengeza.

Koma pali tsiku limodzi limene iwe ndi ine sititchula. Lero ndilitchula.

Pabwalo la mpira, chaka cha 1978, dzuwa lili paliwombo, unaima pajipi nkuwerenga mayina a anthu opita kukaphunzitsidwa khalidwe ku Niassa. Dzina lachisanu ndi chiwiri linali la Florentino, mwana wanga, mlongo wa malemu amayi ako Laurinda, malume ako. Mlandu wake unali mchere ndi sopo zimene ankabwera nazo panjinga kuchokera ku Muloza. Munati kandonga, malonda ozembetsa. Njinga yake yomwe ija ankakukwezapo pachitsulo kupita nawe ku sukulu ya mishoni, amayi ako atatisiya. Unaliwerenga dzinalo ngati la munthu wa ku Beira. Ngakhale kutsokomola osatsokomola. Nditakufunsa kunyumba unati agogo, ine sindilemba, ndimangowerenga.

Zaka zinayi zii, kopanda kalata, kopanda womuona. Chaka chatha ndinameta, ndinati basi, mwana wanga anapita.

Tsopano tchera khutu. Lachisanu lapitali ndinali kumunda wa kumtsinje, ndikuthyola nandolo wouma dzuwa lisanakwere. Ndinangomva munthu akuti odi. M'munda, mdzukulu wanga! Amaodira m'munda ndani? Nditacheuka ndinaona munthu wowonda ngati bango, ndevu zili nyankhalala, nsapato za matayala, mano akutsogolo kulibe. Ndinamudziwira khutu lija linalumidwa ndi galu wa mzungu wa ku tiyi. Anali Florentino. Dengu linagwa pamutu panga, nandolo mbwee.

Anagwada bwinobwino monga ndinamulerera, nandipatsa moni. Ine kulira, kumugwira kumaso, kumugwira mapewa kuti ndione ngati ali ndi mafupa. Anati anathawa kalekale, chaka ndi theka chapitacho. Nditafunsa kumene akukhala, anangoloza kumapiri ndi mlomo. Ndinampatsa makaka amene ndinatenga kuti ndidye masana, anadya ndi manja onse awiri. Anafunsa za aliyense, dzina ndi dzina, amoyo ndi akufa, mbuzi, ngakhale njinga yake. Potsiriza, mofatsa ndithu, anati nanga mwana wa mlongo wanga uja ali kuti masiku ano?

Apa ndi pamene ndinachimwa, ndipo sindinapitebe kwa abambo mfumu chifukwa tchimoli ndiyenera kuulula kwa iwe. Ndinaganiza kuti Mulungu wandibwezera ana anga awiri mwezi umodzi kuti ndiwayanjanitse ndisanafe. Ndinayamba kudzitama. Ndinati mwana uja tsopano ndi diretori, machimbombo a pa 21 aja ndi ake, ndipo abwera nawo yekha. Zimenezo papepala panalibe, unandiuza ine ndekha m'kalata. Ndinati adzakhala kutsogolo pafupi ndi dalaivala, chimkuzamawu chili padenga. Ndinafika pomuuza kuti unanenepa ndipo umavala magalasi, monga ukuonekera pachithunzi unatumiza chija, kuopa kuti angakusokoneze ndi wina. Wamva? Ndinakujambula ndi pakamwa panga.

Anaseka, koma osati monga ankasekera kale. Anati tsiku ndi ola anaziwerenga kale pachigayo, mwanayo amalemba zomveka bwino, koma zoti abwera mwini wake ndiye nkhani yatsopano, zikomo amayi.

Atatero ananyamuka, napita pamzere wachitatu wa nandolo, natola mfuti imene anaigoneka pamenepo asanandiodire. M'mabango a kumtsinje munadzuka amuna ena awiri. Pamenepo ndi pamene ndinadziwa kuti kumapiri kumene analoza kuja ndi kwa anthu a m'tchire, omwe akutentha malolewa.

Anati amayi, musaiwale mwambo, mwini mbumba pano ndine. Mwana wa mlongo wanga akamabwera kumudzi patapita zaka, womuchingamira panjira ndine, osati a sekeletale. Anati akakulandirira pamlatho wa matabwa uja, pamene galimoto iliyonse imayenda ngati nkhono. Anati ali ndi dzina limodzi lokha loti akuwerengere.

Ndinamugwira mwendo. Ndinati Florentino, amenewo ndi magazi a Laurinda, unamunyamula wekha pachitsulo. Ndinati m'machimbombomo mudzakhala amayi a ana, odwala ochokera kuchipatala, anthu osadziwa kanthu. Anati pabwalo la mpira paja panalinso amayi a ana. Anachotsa zala zanga pamwendo pake chimodzichimodzi, osandipweteka. Kenaka anawerama, natola nandolo yense uja anatayika, nadzaza dengu, nanditwika. Anati muyende bwino amayi, mawondo anuwo muziwathowa. Nalowa m'mabango.

Papita masiku anayi ndikusinkhasinkha chochita. Ndikapita kwa amilisiya, akamusaka ngati nguluwe, ndipo adzandifunsa kuti makaka anadya ndi a ndani. Ukudziwa bwino chimene amachita ndi mudzi umene wadyetsa a m'tchire, unkatichenjeza ndiwe pachimkuzamawu. Ndikakhala chete, ndiika iwe m'manda. Wina ndinabereka, wina ndinalera. Undiuze, iwe wophunzira, ndipereke uti?

Ndiye ndikukupempha, ine amene sindinakupemphepo kanthu, ngakhale tsiku la pabwalo lija. Usabwere. Ndipo usaganize zochenjera zoti iwe utsale, machimbombo abwere okha. Dalaivalayo ali ndi amake, okwerawo ali ndi ana. Pa 21 pasadzuke galimoto yako iliyonse kulowera kuno. Unene kuti matayala sanafike, unene kuti mafuta kulibe, unene kuti chitsulo china chathyoka m'mimba mwake. Usandiuze kuti sutha kunama. Unatiuza pachimkuzamawu kuti m'masitolo mudzadzaza shuga mpaka kudenga, ndipo tinawomba m'manja.

Usatumizenso pepala lina lofotokoza. Ndikukudziwa, dzanja likuyabwa kale. Ungokhala duu. Asilikali usatumize, ukatumiza wawerenga dzina la malume ako kachiwiri, ndi langa pamwamba pake.

Ndikudziwa chimene ukuopa. Akuluakulu adzakwiya kuti unalonjeza anthu nkuwachititsa manyazi. Mwina adzakulanda makiyi ndi mpando wozungulira uja, mwina adzakutcha dzina loipa, mwina wina wa mawu okoma adzaima pajipi nkuwerenga dzina lako. Sindikupeputsa zimenezo, ndinaziona ndi maso. Koma ku Niassa munthu amabwerako, ndamuona ndekha Lachisanu, ngakhale mano anasiya komweko. Pamlatho paja palibe wobwerako. Machimbombo akowo akadzafuna kuyenda mtsogolo muno, ukafunse Jorge, akuphunzitse kunyamuka ngati mbala.

Ine Loweruka limenelo ndidzapita kumsika monga wina aliyense. Ndidzavala nsalu ya kapulana unanditumizira ija, ndidzaima kutsogolo kwa amayi amene akhala akukonzekera nyimbo zokulandirira. Ola lidzakwana, lidzapitirira. Adzayamba kundiyang'ana chammbali, adzati agogo odzitama aja, diretori wawo ali kuti? Ndikupempha Mulungu kuti adzandiseke mpaka dzuwa litapendeka. Maso anga adzakhala kumsewu wa ku Mocuba. Ndikapanda kuona utsi kumeneko, ndidzadziwa kuti kalatayi inafika ndipo unandimvera.

Undiperekere moni kwa Zulmira, umuuze kuti ndamukhululukira za kundilanda mwamuna, bola akugwire malaya pa 21. Tiana utipsompsone m'malo mwanga. Mayi Maria akufunditse, ndipo Laurinda kumene aliko akutseke pakamwa, poti ine ndi iwe matenda athu ndi amodzi.

Moyo wako wonse wakhala ukuwerengera anthu mokweza. Iyi yokha uwerenge chamumtima, ukamaliza uitenthe. Nandoloyo muphike, mudye. Anatola ndi malume ako.

Ndine agogo ako,
Delfina