Mtsuko wa Lipoko

Amayi, kumeneko mukudzuka bwanji?

Kuno tilipo. Mkazi wa mchimwene wanga Chimango anachira, mwana wamkazi, wonenepa chomene, ndipo akalira mudzi wonse umadziwa. Ng'ombe yanu yamawanga ija yathyola khola kawiri. Ulendo wachiwiri anakaigwira pamsika pa Champhira ikudya tomato wa eni ake. Ine ndikadali ku boma, kusukulu komwe kuja, kumeza fumbi la choko. Mvula yayamba bwino, anthu adzala chimanga.

Koma si izi zandigwiritsa cholembera. Amayi, ndinakulakwirani, ndipo manyazi ake akundilepheretsa kudya.

Pokonzekera mwambo womanga chiliza chanu, ndinafuna kuti anthu amwe chindongwa, thobwa lathu lija, chonga chomwe munkaphika inu. Kuseri kwa chitseko cha kuchipinda kwanu ndinapeza mtsuko womata ndi dothi. Nditauboola, ha! Lipoko lofiira, mawere aja, lopetedwa bwino. Ndinati amayi anatisiyira. Ndinaviika lonse, osasiya ndi kadzanja komwe, n'kuumika chimera. Anthu anamwa mpaka kunyambita makapu, ine uku ndikudzimva kuti ndinedi mwana wa aNyaBanda.

Mitambo itayamba kuda, kunabwera aNyaTembo, anzanu a kumvano aja, kambale m'manja, pambuyo pawo azimayi ena anayi. Titalonjerana pakhonde, iwo anati, "Mwana wane, tabwera kudzatapa mbewu yathu. Tulutsa mtsuko."

Ndinawaululira kuti lonse linathera m'chindongwa cha pachiliza chija.

Ndi tsiku limenelo pomwe ndinamva zomwe mudzi wonse unkadziwa kupatula ine. Mbewu ija agogo aNyaJere, apongozi anu, anaipereka m'manja mwanu mutangokwatiwa kuno kuchokera ku Kasungu, Chitumbuka musanachidziwe n'komwe. Chaka ndi chaka azimayi ankatapa kambale kwa inu, kufesa, kukolola, n'kuphikira zonse pa maukwati, pa ingoma ndi polimitsa minda. Panalibe wosunga, poti aliyense ankati mbewu ili kwa aNyaBanda. Chaka chomaliza chija munalima kachigawo kochepa chifukwa cha matenda, ndipo zonse zomwe munakolola ndi zomwe zinali mumtsukomo. Inu wobwera munaisunga moyo wanu wonse. Ine wobadwira pompano ndinaimaliza tsiku limodzi, anthu akundiombera m'manja.

Chikundiwawa kwambiri n'choti munkandiitana. "Tamara, tabwera udzaone momwe timamatira, manja angawa atopa." Ine yankho langa linali lomwelo: "Mawa, amayi, ndili ndi makope oti ndichonge." Inu munkangoti, "Makopewo udzafesa?" n'kupitiriza kukanda dothi nokha. Ndinkaseka, ndimayesa nthabwala.

Ndayenda, Amayi. Ndakwera kabaza mpaka msana kuuma, khomo ndi khomo, "Ndapota, mulibeko lipoko lofiira, ngakhale lotsalira pansi pa nkhokwe?" Kulibe. Pamsika pa boma ndinapeza lotuwa, wogulitsayo sakudziwa n'komwe linachokera. Ndinagulabe, ndinaphika chindongwa mosamala, n'kupita nacho kwa aNyaTembo. Bola akanandikalipira. Iwo analawa kamodzi, nati, "Yewo, mwana wane, wayesetsa." Kapu anaiika pansi pafupi ndi phazi, ndipo mpaka ndimatsanzika sanaikhudzenso.

Ndi iwo omwe anandikumbutsa za atate aakazi, mlongo wawo wa abambo, amene anakwatiwa kutsidya kwa malire, ku Zambia. Akuti popita kubanja anatenga mbewu yomweyi m'kansalu. Ndi aja munkandituma kuti ndikawaone ine n'kumati n'kutali. Sindikudziwa ngati akulimabe. Kunena zoona, sindikudziwanso ngati akandizindikire nkhope, ndipo ndikachita manyazi kuti ulendo wanga woyamba ndi wokapempha.

Mbwenu ndipita basi. Sukulu ikangotsekera ndinyamuka, nthawi yofesa isanathe. Akakandipatsa ngakhale kadzanja kamodzi, ndidzafesa ndekha kuseri kwa khola, ndipo mbalame ndidzaziingitsa ndekha. Ndikakapeza kuti nakonso inatha, sindidzabisala kuseri kwa pepala ngati lero. Ndidzabwera pachiliza panu, ndidzagwada, ndidzakuuzani ndi pakamwa panga.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo mundikhululukire.

Ndine mwana wanu wosamva uja,
Tamara