Kumanja kwa a January

Soche, Blantyre

Okondedwa achimwene a Ellard,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana ku Joniko. Kuno tikudzuka, tithokoze Mulungu. Mwana wanu Atikonda wakhoza mayeso, ndipo watalika kundiposa ine. Amayi okha ndi amene chifuwa chija sichikuwasiya. Kuchipatala akuti mapapo anatopa ndi fumbi la miyala. Mukadzawaona mudzadabwa mmene athera.

Mwina mukuseka kuti masiku a foni ano ndikulemba kalata ngati mwana wa sukulu yogonera konko. Nyumba yathu mukuidziwa, munthu akanong'ona kuchipinda wa pabalaza amayankha, ndipo amayi makutu okha sanakalambe. Ndiye ndalembera ku ofesi nthawi ya nkhomaliro, ndipatsira a Victor oyendetsa basi aja.

Nkhani ndi ya manda a bambo.

Mukukumbuka chaka chatha nditakuuzani kuti kampani yathu ikukulitsa malo ophwanyira miyala, ndipo manda a kumudzi kuseri kwa phiri asamutsidwa? Munafuna kubwera. Ndine ndinakuletsani. Ndinati musavutike, ine ndili m'kati momwemo, palibe chingalakwike. Ndinkadzimva, achimwene. Hilda wa ku ofesi ya chitukuko, wovala baji pakhosi, wokwera galimoto ya kampani kuchoka ku Ginnery Corner kupita kumudzi komwe ndinkatunga madzi wopanda nsapato.

A komiti ya kumudzi analemba manda onse pamanja. Atafika pa bambo anakopera zomwe zinali pa mtanda uja: January 2009. Ndi mmene aliyense ankawadziwira. Dzina lawo loyamba linatsala ku Mozambique, ndipo zaka zonse zomwe anagwira ntchito pa njanji ku Limbe anali a January basi.

Pepalalo linafika kwa Clifton, mnzathu wotayipa, yemwe si wa kuno. Ataona January anayesa mwezi. Anawaika bambo m'danga la tsiku lomwalira, ndipo m'danga la dzina analemba kuti osadziwika. Bambo omwe anatisiya mu Ogasiti aja.

Sindikumuda Clifton. Mndandandawo unadutsa pa tebulo langa, ndipo chidindo ndinadinda ndine. Sindinauwerenge. Sabata imeneyo tinali kalikiliki kukonzekera mwambo wotsegulira mjigo umene kampani inakumbira mudzi. Mutu wanga unali pa matenti, pa atolankhani, ndi pa zitenje zolembedwa dzina la kampani. Mabanja ena analandira makalata owaitana kukaonerera pofukula. Yathu sinabwere, ine n'kumati tili m'gulu lachiwiri.

Tsiku limene adzukulu ankanyamula mafupa a bambo popanda wachibale ndi mmodzi yemwe, mwana wawo ndinali pa mjigo ndikuwomba m'manja ndi kumwetulira kamera. Chithunzicho chili pa kalendala ya kampani. Anachiika pa tsamba la Januwale, ngati dala.

Ndazindikira mwezi watha pomwe ndinapita ku manda atsopano ndi tsache. Ndi okongola, sindinama. Mizere yowongoka, mpanda wa njerwa, dzina lililonse pa kachitsulo kake. Ndinazungulira katatu osawapeza. Kumapeto kwenikweni kuli manda asanu okhala ndi manambala okha. Ndinakhala pansi pomwepo n'kulira kuposa tsiku la maliro.

Bwana wathu, a Mikaili, anapepesa kwambiri. Anati kampani igula mwala wabwino wa pamanda, bola nkhaniyi isatuluke, chifukwa lipoti linapita kale lonena kuti mabanja onse anakhutira. Ndinawafunsa kuti mwalawo tikauika pa manda ati. Anayamba kuyang'ana foni yawo.

Amene anandithandiza ndi a Chrispine, mkulu wa adzukulu. Anati mitanda yakale inali itadyedwa ndi chiswe ndipo anaitaya, koma iwo akukumbuka kuti mwa asanuwo, awiri anali ndi chitsulo m'mwendo. Nambala 2 chinali kumanja, nambala 4 kumanzere. Pomwepo ndinakumbukira ngozi ya bambo ya pa njanji ija, yomwe inawasiyira chitsulo m'mwendo.

Koma achimwene, ndi mwendo uti? Ndinayesa kukumbukira mpaka mutu kuwawa. Ndikatsinzina ndimawaona akutsimphina kubwera kwa ine ndi kapepala ka mandasi, koma kumanja kwawo kumakhala kumanzere kwanga, zonse n'kusokonekera. Kukufunsani inu ndinachita manyazi, popeza mukanafuna kudziwa chifukwa chake.

Lamlungu lapitali ndikuwapesa tsitsi amayi pakhonde, ndinawafunsa ngati nkhani yongocheza. Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira. Anati ana a masiku ano mumadziwa manambala a foni a dziko lonse koma mwendo wa bambo anu ayi. Anati unali wakumanzere, ndipo n'chifukwa chake zaka makumi awiri ankagona kumanja kwawo, kuopa kuwagunda pa chitsulopo nthawi yozizira.

Ndiye tawapeza. Bambo ndi nambala 4. Ndinafuna kugwada pomwepo kuthokoza Mulungu.

Koma amayi anali asanamalize. Anandigwira dzanja lomwe linali ndi chipeso, n'kunena kuti tsiku lawo likadzafika, ndipo akuona kuti silili patali, tidzawaike kumanja komweko. Anati malowo anawasunga okha, chaka chilichonse ankawalambula kuti wina asaikidwepo. Anandiuza kuti ndilonjeze. Ndinalonjeza, achimwene. Pakamwa panga panatuluka eya.

Amayi akudziwa kuti manda anasamuka, ndipo akukhulupirira kuti mwana wawo wa ku ofesi anakonza zonse. Sakudziwa kuti kumanja kwa nambala 4 kwagona kale nambala 5, munthu yemwe palibe akumudziwa, ndipo pamwamba pake anathira simenti.

A Chrispine akuti n'zotheka kuwasunthanso bambo kupita kumene kuli malo a anthu awiri, akuluakulu a mudzi ndi kampani atavomera, koma pafunika mwana wamkulu adzayankhule yekha. Ine zowafukulanso kachiwiri zikundivuta. Munthu anathawa kwawo kudzafuna mtendere kuno, ndiye tizimunyamulanyamula ngati katundu wa pa lendi? Koma tikawasiya, amayi akagona pambali pa yani?

Mutu umodzi susenza denga. Bwerani, chonde, mvula isanayambe. Mukafika mudzandikalipire mmene mungafunire, ndidzangowerama. Koma mudzakhale pambali panga powauza amayi, chifukwa ndayesa kawiri, ndipo kawiri konse ndinathera kuwafunsa ngati akufuna tiyi.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Amayi akuti muzivala zofunda, amva kuti kumeneko kwazizira. Akutinso mukamabwera muwagulire maluwa apulasitiki aja osafota, akufuna mukawaperekeze kukaona pomwe adzagone.

Mulungu akusungeni ndipo akuyendetseni bwino panjira.

Ndine mlongo wanu,
Hilda January