Dzina lanu labwerako kuchisanu

Amayi, kumeneko mwadzuka bwanji?

Kuno ku Leicester tilipo, kungoti mvula siikata. Ine ndikadali kuwodi komwe kuja kuchipatala, miyendo ikutupa ndi mashifiti. Kwa achimwene a Yohane kwabadwa mwana wamwamuna, mphuno watengera bambo ake, tamupepesa kale. Maungu amene ndinabzala kuseri kwa nyumba kuno ku Evington abereka awiri okha, nkhwani nkhono zinamaliza.

Nkhani yeniyeni ndi ya mdzukulu wanu Esinati, amene tinamupatsa dzina lanu. Mukudziwa kuti dzinalo ankalikana. Ankati ndi la nkhalamba, kusukulu analidula kukhala Esi, ndipo ndikamuitana lonse ankangokhala duu ngati sindinalankhule. Zinkandipweteka, makamaka chiikireni maliro anu, koma ndinkangomeza.

Mu Juni anabwera kuchokera kuyunivesite n'kunena kuti akupita ku fildiweki, pachichewa tingoti kumunda. Ndinaseka mpaka kutsamwa. Mwana woti khasu sanaligwirepo! Munda wakewo, amayi, uli kumpoto kwenikweni kwa Canada, kopanda mtengo ngakhale umodzi, kumene nthaka yapansi imakhala youma gwaa ndi chisanu chaka chonse. Tsopano yayamba kusungunuka chifukwa dziko likutentha, nyumba za anthu zikupendekeka. Iye ndi anzake, ophunzira achiinuwiti, eni ake dzikolo, ankazika chitsulo pansi kuti ayeze pamene pasungunuka. Digiri yobaya nthaka! Inu munkachita zomwezo ndi khasu pofuna kudziwa ngati mvula yalowa, popanda wokupatsani satifiketi.

Ndinamugulira majekete atatu, magolovesi ndi masokosi aubweya. Safunsa adadya phula, munkatero. Kumeneko inali nyengo yotentha, dzuwa osalowa, udzudzu uli mbwee kuposa wa ku Nchalo. Ataimba foni ya vidiyo nkhope ili zotupa zokhazokha, ine ndinayamba kusakasaka mankhwala a malungo. Iye n'kumandiseka, akuti udzudzu wa kumeneko ndi waulemu, umangoluma basi.

Wabwerako sabata yatha ndi nkhani. Mtsikana amene ankagona naye tenti imodzi, akuti mayi ake omubereka amamutchula kuti amayi. Kwawoko mwana akatenga dzina la malemu amatenganso malo awo, ndiye amene ankati amayi kwa malemuwo amateronso kwa mwanayo. Ine ndinati, "Iwe, nanga kwathu sitichita zomwezo? Mpaka ukwere ndege zitatu kuti ukamve zimenezi?" Anandiyang'ana n'kundifunsa m'Chingerezi chake chija kuti nanga bwanji sindinamuuze. Zoonadi sindinamuuze, ndipo chichokereni inu, m'nyumba mwanga muno ndinali ndisanaitanepo munthu kuti amayi. Ndinkaopa kulira.

Panopa ndili pamavuto. Pa lipoti lake walemba dzina lonse, Esinati, koma mbale watsanzikana nazo. Ndikamutuma amati, "Mungatume amayi anu?" Chichewa chake n'chopindika, koma mawu amenewa okha amawatchula bwinobwino. Mpando wanga wa pawindo walanda, tiyi akufuna womupangira. Mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo, munkatero, koma simunandichenjeze kuti adzabwera atavala jinzi yong'ambika m'mawondo.

Dzulo ndikuchokera kuntchito, majumbo a kumsika ali m'manja, ndinakankha chitseko n'kufuula mwachipongwe kuti, "Amayi, ndabwera!" Kukhitchini kunachoka mawu: "Wafika, mwananga? Khala pansi." Ndinakhaladi pansi, pamasitepe pomwepo, anyezi akugubuduzika, n'kulira ngati kamwana. Zaka zinayi, amayi, popanda wondiyankha. Iye anathamanga kudzandigwira, ndipo sanandiseke.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani. Ndikulonjeza kuti chaka chamawa ndibwera naye kudzasesa pamanda panu, mudzaonane ndi mnzanu wa dzina. Tsache adzagwira yekha, kaya ndi amayi anga kaya ayi.

Ndine mwana wanu,
Joyisi